Lamba wa Magalasi a Mzime

“Iwe unapita kusukulu, tandiuza. Mutu wa mwana wa miyezi isanu ndi saizi chani?”

Anandifunsa choncho malume anga tsiku lina m'mawa, atakhala pakabenchi kawo pakhonde la sitolo, pensulo ili kukhutu, tepi yoyezera ili m'khosi. Ine ndinaseka, poyesa ndi nthabwala zawo za masiku onse. Iwo sanaseke ayi. Kuti mumvetse chimene chinafikitsa munthu wosoka nsapato pofunsa za mutu, ndiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Ndipo chonde muwerenge mpaka kumapeto, chifukwa za anthu osoka nsapato sizilembedwalembedwa.

Mumsewu mwathu palibe amawaitana ndi dzina lawo lenileni. Onse amangoti a Peyala. Anayamba ntchitoyi ali ndi zaka khumi ndi zinayi, kwa mkulu wina wovuta amene anawagwiritsa ntchito yowongola misomali yopindika chaka chathunthu asanawalole kukhudza singano. Lero ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Zala zawo zinalimba moti amagwira poto wamoto popanda kansalu. Chuma chawo ndi bokosi limodzi lamatabwa: muli phazi lachitsulo lokhomerapo, nyundo yaing'ono, mipeni iwiri, singano zokowa, ulusi wakuda ndi wabulawuni, chitini cha guluu, ndi zidutswa za chikopa zimene sataya ngakhale zitachepa ngati chikhadabo. Munthu akamabwera, iwo amayamba kupereka moni kumapazi, nkhope amaiona pambuyo.

Dzina la Peyala linabwera chifukwa cha lamulo lawo limodzi: sakonza soli ya nsapato imodzi yokha. Mukabwera ndi yakumanzere, muli “inayo ili bwinobwino,” amakubwezani.

“Katengeni inzake,” amatero osadzutsa n'komwe mutu. “Ndikaika soli yatsopano kuno, uko n'kusiya yakutha, muziyenda chopendekeka ngati tebulo la m'bawa. Mawa muzidzati msana, msana.”

Ena amapsa mtima n'kupita kwina. Pakatha mwezi amabwerera, nsapato ziwiri zili m'jumbo, akunamizira kuti amangodutsa.

Khonde lomwelo amagawana ndi bambo wina wometa, wamfupi, wokonda wailesi, amene mutu wake ulibe ndi tsitsi limodzi lomwe. Anthu amati a Dazi. Kwa zaka khumi ndi ziwiri awiriwa akhala akulimbana pankhani imodzi: mphepo ikawomba, tsitsi lometedwa limauluka n'kukagwera mu guluu wa malume.

“Aneba! Nsapato za anthu zamera ndevu kuno!”

“Zibweretseni ndizimete, mpando ulibe munthu.”

“Munthu wopanda tsitsi n'kumachotsa la anzake. Ndi nsanje imeneyo.”

“Inu tsiku lonse mphuno ili m'nsapato za anthu, mungadziwe chiyani za mutu?”

Tsiku likapita osatukwanizana choncho, ndiye kuti mmodzi wadwala.

Azakhali, akazi awo a malume, amachapa ndi kusita kuhotela. Ndi mayi wosachulutsa mawu, koma akalankhula amalasa. Anabereka anyamata awiri, kenaka kunakhala zii zaka khumi ndi chimodzi. Anthu ataiwala, kunabadwa kamtsikana. Poti aliyense anadziwa kuti pambuyo pake sipabweranso wina, anangokatcha Mzime. Malume anasokonezeka nako mutu. Kasanathe ndi mwezi womwe, anali atakasokera kale tinsapato tofiira totalika ngati chala chachikulu.

Tinsapato timeneto ndito tinaulula vuto. Mzime atakwana miyezi inayi, malume ankatigwedeza patsogolo pake kuti aseke. Mwana osatiyang'ana. Koma akagogoda nyundo pachitsulo, ankatembenuka msanga, n'kumwetulira. Anayesa kumanzere, anayesa kumanja. Maso a mwana ankangoyendayenda ngati akufuna chinthu chotayika. Azakhali anamutengera pawindo, n'kuyang'anitsitsa. Pakati pa diso, pamene pamayenera kuda bii, panali potuwa ngati dontho la mkaka. Diso linalo chimodzimodzi.

“Mawa tikupita kuchipatala,” anatero azakhali. “Benchi lanulo silithawa.”

Kuchipatala chaching'ono anawatumiza kuchachikulu, kumene kuli mbali ya maso. Adokotala ake anali mayi wamtali wolankhula mosathamanga. Anaunika mwana ndi katochi, kenaka anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana nawo.

“Ndi ng'ala. Wabadwa nayo, maso onse awiri.”

“Ng'ala?” anadabwa malume. “Si ya nkhalamba imene ija?”

“Ana enanso amabadwa nayo. M'kati mwa diso muli kagalasi koonekera ngati madzi. Ka mwanayu kachita chifunga. Tikakachotsa, kuwala kuyamba kulowa. Koma tisachedwe, bambo. Ubongo wa mwana umaphunzira kuona miyezi yoyambirira yomwe ino. Ukazolowera mdima, ngakhale tidzakonze diso, sudzaphunziranso bwino. Tipanga opaleshoni Lachinayi, maso onse awiri tsiku limodzi.”

Malume anamva ngati wina wawachotsera benchi ali chikhalire.

“Onse awiri? Ayi adokotala, pepani. Yambani limodzi. Likayenda bwino tidzabweranso. Zikavuta, mwana atsaleko ndi lina.”

“Mantha anuwo ndi omveka,” anatero adokotala. “Koma tamverani. Mankhwala ogonetsa si masewera kwa kamwana kotere, ndiye kukagonetsa kamodzi kuli bwino kusiyana ndi kawiri. Chinanso, diso limene layamba kuona limathamanga, linzake n'kuchita ulesi, ndipo kudzalidzutsa pambuyo pake ndi ntchito yaikulu. Za matenda musade nkhawa kwambiri: tikamaliza diso loyamba timavula zonse, magolovesi, zovala, timachotsa zitsulo zonse, timasambanso m'manja, n'kuyamba ngati kwabwera mwana wina. Komabe mwana ndi wanu. Pepala ili musaina mukavomereza.”

Malume anagwira cholembera, n'kuchisiya. Anachigwiranso. Thukuta linali kamukamu pamphumi. Azakhali, amene nthawi yonseyi ankayamwitsa mwana, anadzutsa mutu.

“Bambo a Mzime, dzulo lomweli munabweza aphunzitsi aja, nsapato imodzi ili m'manja. Munawauza kuti chiyani?”

“Izo ndi za nsapato, mayi.”

“Ndafunsa kuti munawauza chiyani.”

Malume anayang'ana pansi. “Ndinati aziyenda chopendekeka.”

“Ndiye wanuyu mukufuna aziona chopendekeka? Ana a eni ake peyala, wanu imodzi?”

Adokotala anabisa pakamwa ndi dzanja. Malume anapumira m'mwamba, n'kusaina dzina lawo pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi.

Lachinayi m'mawa namwino anatenga Mzime n'kulowa naye kufiyeta, chipinda cha opaleshoni. Azakhali anakhala pabenchi la m'khonde, manja ali pamiyendo, osagwedezeka. Malume kukhala kunawakanika. Anawerenga mawindo, anawerenga matailosi. Kenaka anamva nsapato ikulira, phwa, phwa, phwa. Anali mayi wokolopa, soli ya nsapato yake itayasama kutsogolo. Malume sayenda opanda singano ndi ulusi m'thumba la jekete.

“Mayi, tavulani.”

“Ine? Ndalakwa chiyani?”

“Vulani basi. Zonse ziwiri.”

Anayamba kusoka yoyamba. Ali pakati, chitseko cha fiyeta chinatseguka, kunatuluka katebulo kamatayala kodzaza nsalu ndi zitsulo zogwiritsa kale ntchito, n'kulowa kena kokutidwa bwinobwino. Malume anayang'ana azakhali. “Ayamba lachiwiri,” ananong'ona. Anatenga nsapato inayo. Pomwe amadula ulusi womaliza, adokotala anatulukira, atatsitsa kansalu kapakamwa.

“Zayenda bwino. Onse awiri.”

Azakhali, amene sanalirepo chiyambire nkhaniyi, ndi pamene analira. Malume anagwira adokotala dzanja ndi manja onse awiri, nsapato ya eni ake idakali kukhwapa.

Iwo ankayesa kuti akadzangochotsa mabandeji, mwana adzati maso phethi, n'kuwazindikira. Sizinatero. M'mawa mwake atamuchotsa, Mzime anatsinzina n'kulira mpaka kusasa mawu. Dontho la mkaka lija linali litachoka, m'maso muli bii, koma sankayang'ana munthu.

“Kuwala kukulowa,” anafotokoza adokotala, “koma kagalasi kaja tachotsa, ndipo diso lake lachepa kuti tiikemo kena panopa. Ndiye zonse akuziona mbuu. Ntchito ya kagalasiko igwiridwa ndi magalasi ovala. Akabwera, azivala kuyambira podzuka mpaka pogona. Tsiku lililonse limene savala ndi tsiku lotayika. Pakatha milungu inayi mudzabwere naye, tidzaone ngati ubongo wayamba kuphunzira.”

Magalasiwo anafika patatha milungu iwiri. Anali okhuthala ngati pansi pa botolo, olemera, timiyendo take tokowa kumakutu. Tsono taganizani: mwana wa miyezi isanu mphuno alibe, ali ndi kabatani chabe. Akangomuveka, ankatsetsereka n'kukafika pakamwa, iye n'kuyamba kuwayamwa. Akawakweza, ankapukusa mutu, magalasi uko. Azakhali anayesa kumanga ndi kansalu, kanamasuka. Anayesa chingwe cha nsapato, chinamudula kuseri kwa khutu. Masiku asanu anapita, ndipo pa tsiku lonse mwana ankavala mwina mphindi makumi awiri. Malume ankati akayang'ana kalendala chakudya chinkawakanika.

Apa ndi pamene anandifunsa funso lija. Nditalephera kuyankha, anati, “Basi, ndiyeza ndekha.”

Anayeza mmene amadziwira. Munthu akafuna masandasi, malume amamuponditsa pakatoni n'kuzunguliza pensulo phazi lonse. Ndiye anayala katoni pakhonde, anagoneka Mzime chagada, n'kuzunguliza pensulo mutu wake. A Dazi anasiya munthu atametedwa mbali imodzi, n'kubwera kudzaonerera.

“Aneba, mukumusokera nsapato ya kumutu?”

“Kameteni anthu uko.”

Tsiku lomwelo anadula chikopa chabwino kwambiri chimene anali nacho, chimene ankasungira nsapato za ukwati. Anachipala, anachimata ndi guluu, anasoka m'mbali ndi ulusi wowirikiza, anaika kachitsulo komangira ngati ka sandasi, n'kupaka polishi mpaka kuwala. Kunena zoona, anali lamba wokongola. Akanatha zaka makumi awiri osaduka.

Mzime anamuvala mphindi zitatu. Fungo la guluu linamutsamwitsa, kachitsulo kanamudinda kunkhongo, ndipo atangotembenuza mutu lamba anakwera m'mwamba n'kuvuka ngati chipewa. Analira mpaka anthu a m'nyumba zoyandikana anatuluka. Azakhali ananyamula lambayo ndi zala ziwiri.

“Uyu kamangireni galu. Mwana wanga si sandasi.”

M'mawa mwake malume anafika pakhonde osapereka moni kwa aliyense. Mphepo inawomba, tsitsi linagwera mu guluu, iwo osanena kanthu. A Dazi anadikira, anadikira, kenaka anazimitsa wailesi.

“Mwatani aneba? Ndevu zamera uko, simukuziona?”

“Masiku akutha,” anatero malume. “Asanu ndi awiri apita. Mwana sakuvala.”

A Dazi anatola lamba uja pabokosi, anamutembenuza uku ndi uku, n'kupukusa mutu.

“Vuto lanu mukuyesa mutu ndi phazi. Phazi limaponda pansi, lili ndi chidendene chogwira nsapato. Mutu ndi dzira, achimwene. Mukamanga pakati, chinthu chimathawira kumwamba. Bweretsani dzanja.”

Anagwira dzanja la malume n'kuliika kumbuyo kwa dazi lawo.

“Mwamva kaphiri aka? Aliyense ali nako, ngakhale khanda. Pansi pake pali kachigwa. Lamba adutse m'kachigwamo, sangakwere. Kenaka wina adutse pamwamba kuti magalasi asatsike, koma kumbuyo kwa liwombo, osati pa liwombo penipeni, mungatiphere mwana. Chinanso, mutu wa mwana umatuluka thukuta kuposa wa munthu wamkulu, ndipo umakula sabata ndi sabata. Chikopa chanucho chikula nawo?”

Malume anapapasanso kachigwa kaja padazi la mnzawo.

“Zaka zonsezi,” anatero potsiriza, “ndimayesa m'mutu umu mulibe kanthu.”

“Chotsani dzanja, mukundipaka guluu.”

Tsiku limenelo nsapato za anthu zinadikira. Malume anafukula m'thumba la nsapato zosiyidwa n'kupeza buti yokhala ndi lasitiki m'mbali. Anasula lasitikiyo, anaichapa katatu ndi sopo, n'kuiyanika. Anapita ndi azakhali kukagula masokosi atsopano a ana, ofewa, n'kuwadula kuti akute lasitiki yonse. Guluu sanamukhudze. Kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito anasoka msoko woonekera kunja, kuti kumene kukhudze khungu kukhale kosalala, ndipo zinawapweteka mumtima chifukwa msoko wawo amaubisa. M'malo mwa kachitsulo anaika mabatani atatu apulasitiki m'mbali, kuti mutu ukakula azingosuntha. Kuyeza anayeza ndi tepi, a Dazi atagwira mutu wa mwana ndi zala zitatu ngati mmene amagwirira ana oopa makina ometera.

Lamba wake sanali wokongola. Anali wachikasu, wa timadontho tobiriwira, chifukwa masokosi amene azakhali anasankha anali otero. Koma Mzime anapukusa mutu, magalasi ali pompo. Anakoka, lasitiki inabwerera. Analira pang'ono, anatopa, anayamwa chala. Tsiku loyamba anavala maola anayi. Lachitatu lake anavala tsiku lonse.

Komabe sankayang'ana munthu. Maso ake, amene tsopano ankaoneka aakulu ngati a kadzidzi, ankangoyendayenda. Malume ankamusuzumira m'mawa uliwonse n'kumuitana mayina onse okoma amene ankawadziwa. Mwana ankamwetulira mawuwo, maso ali kwina.

Loweruka lina azakhali anaitanidwa kuntchito mwadzidzidzi, ndiye anamusiya Mzime kwa bambo ake. Malume anamukhazika m'katoni yaikulu pambali pa benchi, atamutchinjiriza ndi mapilo, n'kuyamba kusoka nsapato ya mlonda wina amene anali chiimire kudikira. Kusoka kwa malume kuli motere: amalowetsa singano, amakowa ulusi, kenaka amatambasula dzanja lonse kumbali, mpaka ulusi kuti nga. Analowetsa, anakoka. Analowetsa, anakoka. Kenaka anazindikira kuti m'katoni muli zii.

Anayang'ana chammbali. Mzime anali atatsegula kukamwa, dovu likutsika. Dzanja la malume likamapita kumanja, kamutu kake kankapita kumanja. Likamabwerera, kankabwerera.

Malume anasiya kusoka. Anatambasulanso dzanja pang'onopang'ono, popanda phokoso lililonse. Maso awiri aja analitsatira, limodzi, mpaka kumapeto. Anakweza dzanja m'mwamba. Maso anakwera. Anatsitsa. Anatsika.

“Bambo, ndikuchedwa kuntchito,” anatero mlonda.

“Aneba,” anaitana malume chapansipansi. “Aneba, tabwerani. Musathamange.”

A Dazi anabwera, sizasi ili m'manja. Malume anakokanso ulusi, osasoka kanthu. Anakoka kakhumi, kamakumi awiri. Mlonda uja anaiwala za ntchito, nayenso anagwada. Munthu amene amametedwa anabwera nsalu ili m'khosi. Kenaka a Dazi anawerama pafupi kwambiri, dzuwa linawala padazi pawo, ndipo Mzime anasiya ulusi, anayang'anitsitsa, anatambasula kadzanja n'kumenya pamutu pawo, pha! N'kuseka mokweza, chiseko chenicheni cha m'mimba.

“Mwaona?” anafuula a Dazi. “Woyamba kuonedwa ndine!”

“Wayesa ndi mwezi,” anatero malume, misozi ikutsikira m'ndevu. Anamunyamula mwana n'kuyamba kuvina pakhonde pomwepo, nsapato ya mlonda ikulendewera kuulusi.

Tsiku lobwerera kuchipatala tinapita tonse, ngakhale a Dazi anatseka. Adokotala anatseka diso lamanja la Mzime ndi kansalu n'kuyendetsa kachidole. Lamanzere linatsatira. Anatseka lamanzere, lamanja linatsatira.

“Onse awiri akuphunzira, ndipo akuyendera limodzi,” anatero. Kenaka anagwira lamba uja, anamutembenuza, n'kuitana anamwino. “Uyu mwamugula kuti?”

“Ndasoka ndine,” anatero malume.

“Nzeru ndi zanga,” anatero a Dazi.

“Masokosi ndinasankha ndine, awiriwa amafuna akuda,” anatero azakhali.

Panja pabenchi panali amayi ena asanu ndi makanda awo, wina atamanga magalasi ndi chingwe cha thumba, wina atangowasunga m'chikwama chifukwa anatopa n'kutola. Malume anatulutsa tepi. Kuyambira tsiku limenelo, Lachisanu lililonse masana sasoka nsapato. Amasoka malamba, ndipo anamwino amawatumizira miyezo ya mitu papepala.

Lero Mzime ali ndi zaka ziwiri ndi theka. Mumsewu amamutcha a Jaji, chifukwa akakuyang'ana m'magalasi akewo umayamba kukumbukira zonse zimene unalakwa. Ali pa lamba wachisanu ndi chimodzi. Amatola timisomali tating'ono tomwe tagwa pansi pa benchi, timene bambo ake satha kutiona, n'kumatipereka kamodzikamodzi, ali “kwayani.” Opaleshoni ina ikumudikira akadzakula, yoika timagalasi m'kati mwa maso. Malume anauza kale adokotala kuti ikadzafika, asadzavutike n'kuwafunsa: maso onse awiri, tsiku limodzi.

Mwezi wathawu ndinaperekeza azakhali kukasinthitsa magalasi a Mzime. Tinapeza mzere wa makolo mpaka panja, ndipo m'kachipinda kodulira magalasi munali bambo mmodzi yekha, wa imvi, makina ake akulira. Anatiuza kuti tidikire milungu itatu. Kumbuyo kwathu kunali mayi ndi khanda lochotsedwa kumene mabandeji, naye anamuuza chimodzimodzi. Ine ndinawerenga masiku a khandalo m'mutu, ndipo anandiwawa. Ndinafunsa bamboyo kuti ntchitoyi amaphunzira kuti. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo, n'kundiuza sukulu yake, n'kuti koma amafuna wokhoza bwino masamu ndi sayansi. Ziwiri zimenezi ndi zimene zinandigwetsa pamayeso omaliza, ndipo ndinalumbira pamaso pa anthu kuti m'kalasi sindidzapondamonso. Lumbirolo ndalibweza. Lolemba ndikukalembetsa kuti ndibwereze masamu ndi sayansi, ngakhale ndikakhale benchi limodzi ndi ana amene ndinkawatuma madzi.